Maliro Okana Kukwera Chitunda

Galimoto itaima m'munsi mwa chitunda, injini ikulira koma matayala ali duu, Yoramu anadziwa pompo chimene chalakwika. Anadziwanso kuti wolakwa ndi iye.

Inali pikapu ya mpingo, iye ndiye dalaivala, ndiyenso makanika. Kumbuyo kunali achibale atazungulira bokosi la malemu Lazarus, amene analima mpunga kuchikamwini ku Bwanje zaka makumi awiri, tsopano akubwerera kwawo ku Mlangeni. Atasiya msewu wa tala analowa njira imene mvula inaisandutsa phala. Njirayo ndi yomwe ija yakale, ndi maenje ake omwe. Zasintha ndi galimoto zokha. Zakale zinali ndi ndodo, munthu kukoka ndi dzanja, matayala onse anayi n'kugwira. Zalerozi zili ndi kabatani kotuma kamota ka pansi kuti kasinthe magiya, ati chitukuko.

Kamota kameneko Yoramu anakamasula dzulo lake kuti achotsemo madzi amatope. Anakapukuta, anakapaka gilisi, koma anaiwala kuika chizindikiro pamene kagudumu kake ka mano kanaima. Anakabwezera mongoyerekeza. Pamsewu wabwino galimoto inayenda. Apa atapotoza kabatani, kamota kanatembenuza chitsulo cha magiya n'kuchisiya pakati, posagwira giya iliyonse. Kagetsi ka kutsogolo kanangophethira.

Kumbuyo nyimbo inaleka. A Chrispine, mkulu wake wa malemuyo, anatsika nazungulira galimoto. Palibe tayala lomwe linatitimira. Ananena motsitsa mawu kuti zoterezi anazionapo: maliro akukana kupita, ndipo maliro sakana popanda munthu. Maso onse anagwera pa Zelesi, mkazi wa malemuyo. Lazarus anadwala masiku atatu okha, ndipo uthenga unafika kwawo atatsirizika kale.

"Alamu, tatsikani kaye," anatero a Chrispine. "Tione ngati m'bale wathu alola."

Zelesi anatsika, nakaima m'matope yekha. Abale ake anali m'lole yomwe inatsalira kutali m'mbuyo. Anyamata a m'mudzi wapafupi anayamba kufika, wina atagwira mpini wa khasu. Yoramu anaonapo kale mapeto a nkhani zotere.

Anakwawira kunsi kwa galimoto ndi sipanala. Mabauti anali atatu, limodzi linagwera m'thope, analipeza mofufuza. Atachotsa kamota, anagwira chitsulo cha magiya ndi pulayala, nachibweza pang'onopang'ono mpaka chinalira kuti khethe, pamalo ake oyambira. Anatsegula chivindikiro cha kamota, napotoza kagudumu mpaka kamphako kake kanayang'anizana ndi kamzere ka kufakitale ka pachivindikirocho. Atakakankhira pachitsulo, kanalowa kosalimbana.

Akumanga bauti lomaliza, anaona pakati pa matayala mapazi a Zelesi, ndi nsapato za amuna zitawazinga. Pamenepo anaimitsa sipanala. Akaliza galimoto tsopano n'kuyenda, mayiyu ali pansi, ndiye kuti wamuweruza ndi manja ake.

Anatuluka ali matope okhaokha, naika kiyi m'thumba. Anauza anthuwo zonse: za madzi, za gilisi, za chizindikiro chimene anaiwala. Wina anaseka, nati adalaivala akubisa mfiti. Wina anafunsa kuti n'chifukwa chiyani kamotako kanadikira maliro kuti kafe. Yoramu anagwira thumba limene munali kiyi. Anangoti galimoto ya mpingo sichoka pano mayi asanakhale kutsogolo.

A Chrispine ndiwo anamuyankha.

"Akwere. Koma ikakananso, adalaivala, tidziwa tonse. Inunso mudziwa."

Zelesi anakhala pampando, manja ali pamiyendo, nsalu ikudontha. Anyamata aja anaima pakhomo la mbali yake. Yoramu anaganiza za kamzere kaja: kodi kanali kamodzi, kapena panali kena kobisika ndi gilisi? Sanakumbukire. Dzino limodzi likaphonya, kamota kaimanso pakati.

Analiza injini, naponda kilatchi, napotoza kabatani. Kagetsi kanaphethira kamodzi, kawiri, katatu. Kunsi kunamveka kulira kwa kamota, kenako phokoso la chitsulo cholowa m'chinzake. Kagetsi kanayaka osaphethiranso.

Anamasula phazi pang'onopang'ono. Galimoto inagwedezeka, matope anauluka mbali zonse, ndipo inayamba kukwera. Amuna anathamanga kudzalumphira kumbuyo. Palibe anapepesa. Mayi wina anangoyambitsanso nyimbo pamene inalekera.

Atafika pamwamba pa chitunda, madenga a kwawo kwa Lazarus akuoneka ndi khamu likudikira, Zelesi analankhula osatembenuka.

"Abambo, tikaika maliro musakandisiye kumeneku."

Yoramu anati akaimika galimoto moyang'ana njira yotulukira, ndipo chitseko cha mbali yawo sakhoma.