Malungo a laputopu ya a Verna

Kwa a Verna Maki, chinthu chilichonse chokondedwa chinkayenera kufunditsidwa. Ketulo inali ndi chipewa chake choluka, galu anali ndi majuzi awiri, ndipo maluwa a pakhomo ankakulungidwa m'masaka chipale chofewa chisanayambe kugwa. Amuna awo, a Toivo, ankati tsiku lina adzangosinza pampando n'kudzuka atawalukira chivundikiro. Komabe sitingawadzudzule mayiwa. Kuno ku Hancock chisanu chimadya theka la chaka, ndipo wosadziwa kufunditsa zinthu zake amalira nazo mu Epulo.

Choncho mwana wawo atawatumizira laputopu, nayonso inalandiridwa ngati khanda. Patebulo sankaiika, ati pamazizira. Ankakhala pampando wa ndalema, n'kupinda kanayi bulangete la zigamba, kuliyala pamiyendo, laputopuyo n'kuikhazika pamwamba pake kuti imve kufewa. Bulangetelo silinali wamba. Anawasokera ndi achemwali awo, a Helmi, pa ukwati wawo, ndipo zina mwa zigamba zake zinachokera ku malaya amene bambo awo ankavala kumgodi wa kopa.

Ntchito ya laputopuyo inali imodzi basi. Lamulungu lililonse, 2 koloko masana, a Verna ankaimbira a Helmi kuti acheze moonana nkhope. A Helmi ankakhala kutali ku Tucson, m'nyumba yosamalirako okalamba, ndipo mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Mtsikana wowasamalira, Graciela, ndiye ankawakhazika kutsogolo kwa kompyuta. Poyamba a Helmi ankati "mayi inu", n'kumafunsa ngati a Verna ali a kutchalitchi. Pankafunika kuleza mtima. Pakatha mphindi makumi awiri, china chake chinkatseguka, ndipo ankati, "Iwe Verna, tsitsilo walitani?" Mawu amenewo a Verna ankawadikira mlungu wonse.

Khirisimasi itadutsa, laputopu inayamba matenda. Pakatha mphindi khumi kafani ka m'kati mwake kankayamba kulira, kenako pansi pake pankatentha mpaka kumveka m'ntchafu, ndipo isanakwane mphindi khumi ndi zisanu inkangozima yokha. Pofika poti izizire n'kuyakanso, a Helmi ankakhala atatopa, atapita kukagona. Anadutsa Malamulungu anayi a Verna osamva dzina lawo.

"Ndege yanu ija yanyamuka," ankatero a Toivo kafani kakayamba, maso ali panyuzipepala. "Mwamanga lamba?"

"Musandiyambe, bambo inu. Ili ndi malungo."

"Ndiye mwaipatsa mankhwala?"

Mankhwala a Verna anali nawo, omwe aja amayi awo ankachizira ana: malungo amatha ndi thukuta. Analuka kajuzi kobiriwira n'kuveka laputopu kumsana ndi m'mbali. Lamulungu limenelo inazima pa mphindi zisanu ndi zinayi.

A Toivo nawo anali ndi ukatswiri wawo. Zaka makumi atatu anayendetsa chigalimoto chokankha chipale m'misewu, ndipo ankakhulupirira kuti palibe vuto limene madzi oundana sangathetse, kaya ndi bondo, mowa kapena ukwati. Poyamba anati laputopu ikayankhulire pakhonde. Atakanidwa, anabwera ndi thumba la nsawawa zoundana za mufiriji n'kulilowetsa pansi pake, pamwamba pa bulangete.

"Taonani tsopano," anatero akudzigunda pachifuwa. "Sukulu sindinapite nayo patali, koma izi zokha ndimazitha."

Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Laputopu inapiriradi mpaka mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu, n'kuzima a Helmi atangoyamba kutsinzinira diso limodzi, monga ankachitira akatsala pang'ono kukumbukira. Kunyamula thumba lija, anapeza kuti linali lobooka. Madzi obiriwira anali atathimbiriritsa ngodya ya bulangete. A Toivo anadya nsawawa masiku atatu otsatizana, ndipo sanayerekeze kufunsa kuti nyama ili kuti.

Lachinayi Graciela anaimba foni. Sanafune kuwaopseza, koma sanabisenso mawu. "Amayi, masiku abwino akuchepa kuno. Dzulo mwana wawo weniweni sanamuzindikire. Mukatha, yesetsani Lamulunguli tikhalitse."

A Verna anaika foni pansi. Anachita mantha. Mwa ana asanu ndi mmodzi a m'nyumba mwawo anatsala awiri okha, ndipo panalibenso munthu wina padziko amene ankakumbukira a Verna ali kamtsikana kosowa mano akutsogolo.

Loweruka linali tsiku lophika nisu, buledi woluka wa shuga uja timamwera khofi. Buledi ali mu uvuni, mnzawo wa kukwaya anawachedwetsa pakhomo ndi nkhani za m'maluwa. A Toivo, pofuna kugula mtendere, anaphula okha mikate itatu, n'kuiika pathaulo lopinda, n'kuifunditsa lina pamwamba. Anaima pambali pake akudikira kuyamikiridwa.

"Mayo ine! Mwatani apa?" anakuwa a Verna polowa.

"Ndafunditsa. Si m'mene timachitira m'nyumba muno?"

"Zaka makumi asanu mukudya buledi wanga, simunaonepo pomwe ndimaika? Buledi wotentha amafuna mpweya pansi! Mukamukhazika pansalu amachita thukuta, pansi ponse n'kunyowa. Kawaya kali apoka mumayesa n'kokongoletsera?"

Anasolola kathandala kawaya kamiyendo inayi n'kusamutsirapo mikate ija, uku akung'ung'udza. A Toivo anakanda chibwano. Anayang'ana buledi, n'kuyang'ana kuchipinda chochezera kumene laputopu inagona pabulangete itavala juzi lake.

"Ndiye mwati chotentha chimafuna mpweya pansi?"

"Ngakhale mwana amadziwa."

"Nanga wodwala wanu uja amapumira kuti?"

A Verna anapukuta manja pa epuloni, n'kupita kukatenga laputopu ija. Anaivula juzi, n'kuitembenuza chagada, chinthu chimene anali asanachitepo chiilandirireni. Pansi pake panali timabowo tambirimbiri m'mizere, ndipo tonse tinali titatsekeka ndi ulusi wa bulangete ndi ubweya wa galu.

"Mphuno zake ndi zimenezi," anatero a Toivo. "Mwakhala mukuitseka pakamwa ndi pilo, mayi. Kukanakhala kupolisi bwenzi tikunena zina."

"Inu a nsawawa musalankhulepo."

A Toivo anafuna kukatenga pampu ya matayala kugalaja kuti auluzire fumbilo, koma analetsedwa asanafike pachitseko. A Verna anathimitsa laputopu, n'kutenga mswachi wakale wofewa, n'kuchotsa fumbi bowo ndi bowo, lilime lili panja ngati akulowetsa ulusi pasingano. Ubweya umene unatuluka, malinga ndi a Toivo, unali wokwana kulukira galu wachiwiri. Buledi atazizira anamuchotsa pakawaya paja, laputopu n'kukhalapo.

Lamulungu a Verna anakhala patebulo la kukhitchini, laputopu ili pakawaya, yopanda chofunda chilichonse. Kuiona chonchi kunkawapweteka mtima. Pazenera pankalowa kamphepo, ndipo bulangete lija linalibenso ntchito pamiyendo, ndiye anangolikoleka pamapewa. A Toivo anakhala pambali ndi wotchi m'manja, ati awerengere mphindi.

Nkhope ya Graciela inaoneka, kenako ya a Helmi, yowonda kuposa mlungu watha.

"Muli bwanji, achemwali?"

"Ndili bwino, kaya inu mayi? Ndinu a kutchalitchi?"

"Ndine wa ku Hancock," anayankha a Verna monga mwa masiku onse, akudzikonzekeretsa ulendo wautali uja.

Koma a Helmi sankawayang'ana kumaso. Anasendeza mutu pafupi, natsinzinira diso limodzi, n'kuloza ndi chala.

"Bulangete limenelo mwalitenga kuti?"

"Anandipatsa."

"Bodza. Ndinasoka ndine limenelo. Chigamba chofiiracho ndi malaya a bambo, aja anapsa ndi kaliwo pathumba. Ndinasokera mng'ono wanga pa ukwati wake ndi mnyamata wamakutu akuluakulu uja." Anaima kaye, maso akuyenda kuchoka pabulangete kupita kumaso, n'kubwereranso. Kenako mawu awo anasintha, anakhala a munthu wolamula m'nyumba. "Iwe Verna! Pangodyapo wathimbiriritsa ndi chiyani?"

A Toivo anayang'ana wotchi. Zinali zitangotha mphindi zitatu. Anaiika m'thumba mwakachetechete n'kuyamba kusendera kuchitseko.

"Ndi nsawawa, achemwali," anatero a Verna, misozi ikutsika, kuseka kukuwatsamwitsa. "Wamakutu uja ndiye anachita."

"Ndinakuuza ine za ameneyo."

Miyezi yonseyi bulangete linali pomwepo, koma pansi pa laputopu, pamene a Helmi sakanaliona. A Verna anazindikira zimenezi ndipo anafuna kudzimenya khofi, koma nthawi yake panalibe. Achemwali awo anali atayamba kale kutchula zigamba chimodzichimodzi: diresi la amayi la pa Pasaka, katani ya kuchipinda chapamwamba, thalauza la mlongo wawo amene anamira m'nyanja. Anacheza ola lathunthu. Kafani kankangopuma pansipansi, ndipo khofi wa a Verna anazizira osamwedwa.

Graciela atabwera kudzati nthawi yopuma yakwana, a Helmi anakweza dzanja kuti adikire. Anamuyang'anitsitsa mng'ono wawo, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, n'kupukusa mutu.

"Phewa lakumanzerelo lili pamtunda," anatero. "Funda bwinobwino, Verna. Kumeneko kukuzizira."

A Verna anakoka bulangete n'kufunda.