Mhlonyane wa a Fanizo

Lumo linali lisanamalize mutu wa Silvester pamene mwana anayambanso kutsokomola m'nyumba. Linali tsiku lometa maliro a atate ake, a Fanizo.

Eliness, mkazi wake, anatuluka atanyamula mwanayo paphewa.

"Chifuwa chatseka, akupuma ngati mluzu. Pakanakhala mhlonyane uja tikanamufukiza."

Achibale onse anacheukira kuseri kwa khola la ng'ombe. Kunali zitsa zokhazokha.

Chitsamba chimenechi, cha masamba otuwa ndi owawa ngati ndulu, a Fanizo anachidziwira kumigodi ya ku Joni. Atabwerako anakachizula kuphiri n'kudzachibzala pakhomo. Ankawiritsa masamba ake mumphika, wachifuwa n'kufunda bulangeti kuti akoke nthunzi, fungo lake lolasa m'mphuno mpaka misozi. Koma anthu anayamba kunong'ona kuti mkuluyo ndi sing'anga, ndipo Silvester ankafuna kusankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Anatchetcha zonse ndi chikwanje, atate ake ali gone pamphasa, akupempha nthunzi.

"Achimwene, mwaweramiranji?" anatero Dailes, mlongo wake. "Katengeni ukulu wanu uja tiuwiritse, mwana afukize."

"Dailes, pali anthu pano."

"Anthu omwewa ndi amene munkawaopa aja."

Silvester anangoyang'ana tsitsi lake lomwe linali mbwee pansi.

Kenaka anaJere, mayi woyandikana nawo nyumba, anaimirira. Amuna awo ndiwo ankatsogolera kudandaula za a Fanizo kumpingo, ndipo anali pompo, chipewa chili pabondo. Mayiyo sanawayang'ane. Analowera njira ya kwawo, n'kubwerako atafumbata kanthu m'nsalu. Fungo linafika iwo asanafike.

Anagwada patsogolo pa Silvester n'kumasula nsaluyo. Masamba aawisi, ongothyola kumene.

"M'dzinja muja atate anu anabwera kwathu, akudzikoka ndi ndodo. Anakumba okha n'kubzala mhlonyane kuseri kwa nkhokwe yanga, akupumira panjira. Anati, 'Wanga uja mwana wanga adzadula. Akadzaufuna musadzamufunse kanthu, mudzangomupatsa.'"

Amuna a anaJere anatsokomola, n'kuyamba kutembenuza chipewa chawo.

Silvester analandira ndi manja awiri. Anapita kukhitchini, kumene sanaloweko chikwatire, nagwada n'kuyamba kuuzira moto, mutu uli wometa mbali imodzi. Wometa uja anapukuta lumo pantchafu n'kudikira.