Amene Ankakwirira Chomera cha M'thanki

Ntchito ya pa loji ya ku Chitakale anandipezera ndi atsibweni anga a Jose, mlongo wawo wa amayi. Iwo amasamala maluwa pamenepo, ndipo ndi munthu amene pothawa nkhondo ya ku Mozambique anasiya zovala n'kunyamula khasu ndi mitengo ya chinangwa. Ine ku esiteti ya tiyi anali atandiimitsa, mkazi wanga Esteri ali woyembekezera. Choncho a Kingstone, a manijala, atanena kuti andiyesa mwezi umodzi, ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Ntchito yanga inali kunyamula zikwama za alendo opita kuphiri komanso kusamala thanki yagalasi ya nsomba imene ili polandirira alendo.

"Nsombazi sizivuta," anatero a Kingstone. "Koma chomera cha m'thankichi ndachigula ku Blantyre, dzina lake anubiyasi. Amati ngakhale wongoyamba kumene sachipha. Ndiye chikafera m'manja mwako, Filipo, ndidziwa kuti ndiwe munthu wotani."

Anandionetsa zonse. Masamba ake ndi olimba ngati a tiyi wokhwima, ndipo amaphuka pa tsinde logona lofanana ndi jinja. Tsinde limenelo salikwirira, likalowa mumchenga limawola. Umangolimangirira pamwala ndi ulusi wakuda mpaka mizu itagwira yokha. Dzuwa lambiri sichifuna. Loweruka lililonse umachotsako madzi pang'ono n'kuthiramo ena, ndere za pamasamba n'kupukuta ndi chala. Ndinati mumtima, ntchito ikakhala imeneyi ndiye ndalemera.

Tsiku lachinayi ndinafika m'mawa n'kupeza ulusi wadulidwa, chomera chakwiriridwa mumchenga wa pansi pa thanki. Osati kugwa chokha ayi. Mchenga unali wounjikidwa bwinobwino, wotsenderedwa ndi zala. Nsomba ilibe zala. Ndinachifukula, n'kuchimanganso, osauza munthu.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi.

Apa mutu wanga unayamba kugwira ntchito, ndipo mutu wanga ukayamba supuma. Amene amalowa m'chipindacho ine ndisanafike anali Joice, mtsikana wokolopa. Wolondera pageti anali atandinong'oneza kale kuti mchimwene wake wa Joice naye ankaifuna ntchito yangayi. Basi, zonse zinalumikizana. Akandipatsa moni akumwetulira, ndinkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akapanda kumwetulira, ndinkati chikumbumtima chikumudya. Manja ake akakhala onyowa ndinkawayang'ana ngati wapolisi, kuiwala kuti wokolopa manja ake sauma.

Tsiku lina ndinamufunsa. "Achemwali, thankiyi mumaigwira?"

"Ndimapukuta galasi kunjaku basi, achimwene."

"Nanga amene akukwirira chomerachi ndani?"

Anayang'ana pansi, n'kufinya chikolopa chake nthawi yaitali. "Bwanji mungochisiya mmene mwachipezeramo? Mwina wochita zimenezo alibe mtima woipa."

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Ndiye kuti akudziwa! Ndipo akufuna ndichisiye chiwole!

Esteri kunyumba anandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuyankha kuti nkhono ilibe mwana wobadwa mwezi wamawa. Pofika sabata yachitatu masamba awiri anali atachita chikasu, ndipo mbali imodzi ya tsinde inali itafewa, ikununkha ngati chinangwa choviika. A Kingstone anaima pathanki paja, manja kumbuyo, n'kungoti, "Kwatsala masiku asanu ndi anayi."

Ndinawatsatira ku ofesi. Ndinawauza za ulusi, za mchenga, za mchimwene wake wa Joice. Atandifunsa ngati ndinamuona ndi maso anga, ndinati, "Bwana, ndinamupeza manja ali m'madzi." Zoona manja anali m'madzi, koma a mundowa. Chimenecho sindinatchule.

Anamuitana. Joice sanakane, sanavomere. Anangoti, "Ine ndilibe mawu, bwana." Masana omwewo, atamuchotsa ntchito, anavula yunifolomu, n'kuipinda, n'kutuluka pageti ndi kajumbo kake kulowera kokwerera minibasi. Sindinama, ndinamva kupepuka. Madzulo ake ndinadya bwino.

M'mawa mwake ndinalawira ndi lezala ndi ulusi watsopano, kuti ndidule mbali yowola ija alendo asanadzuke. Phiri linali lidakali m'nkhungu. Nditakankha chitseko ndinaona keni yothirira maluwa ili pansi, ndi munthu atawerama pathanki, malaya atapinda mpaka paphewa, dzanja lonse lili m'madzi.

"Atsibweni!"

A Jose sanadzidzimuke n'komwe. Anamaliza kutsendera mchenga ndi chala chachikulu, mofatsa ngati akubzala chinangwa, kenako anatembenuka.

"Epa, wandipeza. Tseka chitsekocho, asamve anthu." Anapukuta dzanja pa buluku. "Iwe Filipo, unakulira m'munda wa ndani? Chomera amachimanga pamwala ngati mbuzi? Mizu ili pamtunda, abwana akaona anena kuti mwana wa mlongo wake wa Jose sadziwa kubzala. Ine ndimakukonzera tsiku lililonse, iwe n'kumafukulanso. Taona mmene chadwalira."

Ndinayesa kufotokoza kuti chomerachi sichibzalidwa, kuti mchengawo ndi umene ukuchiwoletsa, koma mawu ankatuluka osalongosoka. Iwo anangoseka, n'kunena kuti zaka zonse akhala akugwira dothi sanaonepo chomera chodana ndi nthaka.

"Alipo wina akudziwa zimenezi?" ndinafunsa.

"Mtsikana uja, Joice. Anandipeza sabata yoyamba yomwe. Anandiuza kuti abwana safuna chikwiriridwe, ndipo akamva kuti ndine ndikugwira thanki andichotsa ntchito. Ndinamuuza kuti abwana amadziwa mapepala, ine ndimadziwa mbewu. Ndiye anati, 'Agogo, pakamwa panga sipadzatuluka dzina lanu, mungakapeze kuti ntchito pa msinkhu wanuwu?' Mwana woleredwa bwino ameneyo. Ndamutengera mapeyala a kunyumba."

Analoza kajumbo kamene kanali pafupi ndi keni ija. Kenako anayang'ana pansi pa simenti, pamene panali matope a nsapato za alendo a dzulo, osakolopedwa. Anayang'ana kukhonde, n'kuyang'ana ine.

"Kodi lero wachedwa bwanji? Sachedwa ameneyu."

Panja galimoto ya a Kingstone inali ikulowa pageti. Ndinaima pakati pa thanki ndi atsibweni anga, ulusi uli m'manja.

"Filipo," anatero a Jose, "ndikufunsa iwe. Joice ali kuti?"