Wachitatu pa Chithunzi cha pa Siteshoni

Amayi sanawaonepo bambo awo. Ankangodziwa kuti ankagwira ntchito pa siteshoni ya sitima, ndipo anamwalira iwo ali m'mimba. Siteshoniyo inatsekedwa kalekale, pano amasungiramo zinthu zakale. Amayi atamva kuti muli zithunzi za antchito, ananditenga, poti ine ndi amene ndimatha kujambula ndi foni.

Chipindacho chinkanunkha fumbi ndi girizi. Munali belu long'aluka, nyali zofiira, ndi benchi yomangidwa chingwe kuti anthu asakhalepo. Woonetsa alendo anali bambo wa jekete lalikulu, waulemu wopitirira muyeso. Amayi akufotokoza, iye sankamvetsera kwenikweni. Ankawayang'ana makutu.

Kwathu timadziwana ndi makutu otambasuka. Mwana akabadwa, azakhali amayamba aona makutu asanafunse ngati ndi wamwamuna.

"Bwerani kuno, mayi," anatero bamboyo. Pakhoma panali chithunzi cha amuna ataima pamzere. Chala chake sichinasakesake, chinangofikira pa wachitatu, wa makutu ngati athu. "Si awa?"

Sanafunse n'komwe dzina la agogo.

Amayi anagwira pakamwa. "Jambula, iwe. Usanjenjemeretu."

Titafika pokwerera basi ndinakumbukira kuti ambulera yathu yatsala pansi pa benchi ija. Nditabwerera, ndinapeza bamboyo ali ndi mayi wina wamsinkhu wa amayi. Makutu ake sindinawaone, anali atamanga duku. Chala chija chinali pa wachitatu yemwe uja.

"Si awa?" anatero, ndi mawu omwe aja.

Atandiona anamwetulira. "Mwaiwala kanthu, achimwene?"

Ndinatola ambulera n'kutuluka.

Basi inali isanadzaze. Amayi anali atakulitsa nkhope ija mpaka inadzaza foni yonse, ndipo ankafufuza nambala ya amalume. Ndinadziwa kuti chithunzicho chikangopita, munthu ameneyu akhala agogo athu mpaka kalekale, kaya ndi iwo kaya ayi.

"Amayi, musatumize kaye."

"Bwanji?"

Ndinawauza zonse maso ali pa nsapato zanga. Ndinati mwina bamboyo amaloza yemweyo kwa aliyense wobwera ndi chisoni.

Amayi anasiya kufufuza nambala ija. Kenako anafunsa, "Mayiyo ndi wamkulu kwa ine kapena wamng'ono?"

"Amayi, ine ndikunena kuti bambo uja..."

"Anthu a sitima iwe sukuwadziwa. Siteshoni iliyonse, khomo ndi mkazi." Anali ataimirira kale, chikwama kukhwapa. "Mchemwali wanga ameneyo."

"Mayi, tikunyamukatu!" anakuwa kondakitala.

"Nyamukani!"

Ndinawatsatira. Patsogolo pa siteshoni mayi wa duku uja ankatsika masitepe akupukuta maso, ndipo woonetsa alendo, atationa tikubwera, analowa msanga n'kutseka chitseko.