Timadontho ta Parulian

Nanga akanadziwa bwanji Tiurma kuti timadontho nato timasowa? Nyimbo yomaliza ya mwamuna wake Parulian anaisunga bwinobwino pa fulashi, fulashiyo n'kuimanga pakansalu, ndipo masana ano wabwera nayo kwa mlamu wake Marudut, wosindikiza mabuku muno mu Tarutung, kuti ilowe m'kabuku koti kwaya idzaimbe Lamlungu pokumbukira malemuwo.

Marudut anaikokera nyimboyo mu pulogalamu yoyalira masamba. Manambala anabwera onse, 1, 3, 5, ali ndondondo monga makwaya akuno amawerengera. Koma timadontho ta pamwamba ndi pansi, touza woimba kuti apa kwera, apa tsika, sitinabwere.

"Zilembo za nyimbozi achimwene anachita kupanga okha," anatero Marudut. "Zinatsalira m'kompyuta mwawo. Ili kuti, alamu?"

Ili kuti? Si Tiurma anaipereka yekha kwa mwana wa mchemwali wake maliro atangotha, n'kunena kuti afufutemo zonse — poti kuiona patebulo paja ili chitsekere, mtima unkamuwawa zosapiririka — ndiye kapena Marudut akudziwa, kapena akuchimuna onse akudziwa, akungomuyang'ana chamumtima akuti mkazi uyu anafulumira kusesa m'nyumba. Ayi, sakudziwa, munthu wangofunsa chabe, koma nanga bwanji sakumuyang'ana kumaso?

"Kulibe," anatero.

Marudut anakanda m'mutu.

"Kwinaku nditha kulota. Koma 5 womalizayu, akwera kapena atsika? Anaimvapo nyimboyi ndinu nokha."

Anaimva, inde, ngati kumeneko n'kumva. Parulian ankaiimbira m'mphuno ataima pakhomo la khitchini, chala chili m'mwamba, kudikira kuti mkazi wake atembenuke, koma iye maso pachiwaya cha nsomba, n'kumangoti kodi pakhosi panupo sipatopa — mocheza, Mulungu akudziwa kuti kunali kucheza — poganiza kuti nyimbo sithawa, adzaimvera kutchalitchi pamodzi ndi anthu onse, atavala bwino.

Tiurma anatsinzina. Mawu a Parulian aja anabwera m'mutu mwake, akuluakulu, osasa pang'ono, akuyenda mzere ndi mzere mpaka kufika pa nambala yomaliza ija, ndipo pomwepo mafuta anathetheka m'chiwaya. Anayambiranso. Mafuta anathethekanso.

"Alamu?"

Pagalasi la kompyuta ya Marudut kamzere kanali kuphethira pambali pa 5, pamwamba pake pali mbee, pansi pake pali mbee.