Njuli ya L kapena ya R

Tikhala anali atalengeza Njuli yonse kuti wapanga pulogalamu ya pafoni yoitanira kabaza. Pakamwa mtsikana ameneyu! Akabaza anaimika njinga zawo pamthunzi, nawo mayi ake, a Gertrude, anasiya tomato pamsika kudzaonerera. Mayiwo anali atanena kale kuti zikakanika lero, Tikhala azipita ku Limbe kukagulitsa m'sitolo ya amalume ake, za makompyutazi zithere pomwepo.

Tikhala anadina. Foni inangoti zii.

"Chavuta n'chiyani, achemwali?" anafunsa a Halidi, tcheyamani wa akabaza.

"Maina anu ali pa seva yokhoma, kompyuta yakutali yosungira zinthu. Kuti ndiwatenge, ndiyenera kupempha kaye tokeni ku seva ina yopereka chilolezo. Ndiye ikundikaniza."

"Tokeni yomweyi ya magetsi? Overtone, liza njinga ukagule!"

"Ayi, atcheya, ndi kachiphaso kolowera basi!"

Anthu anafa nazo kuseka. Tikhala anaseka nawo, n'kuyang'ananso pafoni. Mawu achinsinsi anali olondola, dzina la gulu analilemba bwinobwino, kabaza_njuli, koma seva inkangoyankha kuti sikumudziwa. Mayi ake anayamba kumanga chitenje kuti azipita.

"Atcheya, polembetsa gulu paja dzina munalemba ndinu. Munati chiyani?" anafunsa Tikhala.

"Kabaza Njuri."

"Ya L kapena ya R?"

"Iii, pali kusiyana?"

Mkangano wake! Ena L, ena R. Overtone, wakabaza uja, analumbira kuti anabadwira pompano ndipo khutu lake silinamvepo kusiyana. Zoona, pakamwa pathu ndi chimodzimodzi, koma seva ilibe chibale.

Tikhala anafufuta L, n'kuika R. Tokeni ija tulukiru, zilembo zambirimbiri zopanda mutu. Anaitumiza ku seva yokhoma, maina onse mbwee! Anadina pa dzina la Overtone, foni n'kulira m'thumba mwa mwini wake.

Mahutala, malikhweru, a Halidi kuvina atanyamula chipewa m'mwamba. Tikhala analumpha mpaka patapata imodzi inakagwera m'ngalande.

A Gertrude sanavine. Anayang'anitsitsa foni ija, kenaka mwana wawo.

"Mawa m'mawa undiitanire mmodzi adzanyamule dengu langa. Mkujanso. Tsiku lililonse, wamva? Ine zodinadinazi sindingazithe ndekha."

Tikhala anazindikira kuti za ku Limbe zathera pomwepo. Anangogwedeza mutu.