Kusudzula a Lidiya

"Mlongo wanga anadyetsedwa, Bright," anatero azakhali ake, a Phyllis, akuswa mtedza pakhonde. "Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, n'kumasenza ndowa pamutu kuchokera ku mjigo? Nsaru yonse inkaseka."

Linali tsiku lachitatu chiikire bambo ake a Bright, a Zakeyu, ndipo masana omwewo abale ankakumana kuti asudzule wamasiye. A Lidiya, amene malemuwo anawakwatira mayi ake a Bright atamwalira, anabwera chitengwa kuchokera ku Nambuma, ndipo mwana sanabereke. Ukawasudzula otere, chotsala n'kumanga katundu. Mawu otsiriza abale anasiyira Bright, mwana wamwamuna yekhayo.

Zaka khumi ndi chimodzi za ku Joni zinamusandutsa mphunzitsi wa amuna. Ankadzuka folo koloko, kusamba madzi ozizira, kukana shuga mu tiyi, kenako n'kujambula timavidiyo touza anyamata kuti mwamuna ndi mutu, sagwada, salira. Omutsatira pafoni ankamutcha Kochi. Ndiye lero amve kuti bambo ake a Kochi ankachapa zitenje kudambo?

"Ndi kusinja komwe," azakhaliwo anawonjezera. "Manja omwe aja ogawira mgonero."

"Mwina ankangothandiza."

"Kuthandiza zaka zitatu? Iwe, mabuku ako achizunguwo za mankhwala sanena, eti?"

Za mankhwala iye sankazikhulupirira. Ankakhulupirira zimene ankaphunzitsa, zoti munthu wobisa kanthu sakuyang'ana m'maso. Ndipo chifikire iye, a Lidiya anali asanamuyang'anepo. Tsiku limene anatsika minibasi, a Lidiyawo anangomudutsitsa ngati wogula fodya, n'kudzayamba kulira iye atalankhula. Anthu akamawapepesa, maso awo ankakhala pakhoma.

Chitseko chakuseri chinalira. Azakhali anasuzumira pangodya, n'kumukodola.

"Waona? Anyamula kamtolo. Akukakwirira zinthu zawo tisanayambe kufufuza."

Bright anavula nsapato, n'kuyatsa kamera ya foni. Mwamuna amayendera umboni; nazonso ankaphunzitsa. Anazungulira nyumba monyang'ama.

Kuseriko anali asanafikeko. Anapeza waya womangidwa kuchokera pakhomo kupita kukhitchini, kuchokera kukhitchini kupita kubafa, wina n'kupatukira kukhola la nkhuku. Sanali woyanikapo zovala, pakuti ankalekeza m'chiuno. A Lidiya ankayenda pang'onopang'ono, dzanja limodzi likutsetsereka pawayapo. Atafika pakhola anamasula kamtolo kaja. Anali madeya.

"Ndani ameneyo?" anafunsa, nkhope italoza kumtengo wa mango.

Bright anali ataima poyera, mapazi asanu okha kuchokera pomwe anali.

"Ndine, amayi."

"Oo, bambo. Mwavuliranji nsapato? Kuno kuli minga."

Bright anatsitsa foni ija. "Kodi simukundiona?"

Nkhuku zinkalimbirana kumapazi awo.

"Ndimaona utsi basi. Kuchipatala anati ndi ng'ala. Anatiuza tipite ku tauni akandichite opaleshoni, ine n'kuopa mpeni. Bambo anu anati tidzapita mtima ukadzakhala pansi. Anali asanasiye kundinyengerera."

"Nanga osauza anthu bwanji?"

"Ndinakana ndine. Ndinati abale anu adzati mwasunga mtolo, wosabereka, wosaonanso. Iwo anati, chabwino, ndiye asiyeni aziseka ine." Anakutumula chitenje chimene anakulungiramo madeya. "Kutchalitchi ankandigwira dzanja, anthu n'kumati taonani achikulire ayamba chibwana. Iwo kumangoseka nawo. Tsiku lina anabwera kuchokera kumjigo atanyowa thupi lonse, ndowa itawagwera, akuti amayi inu, ntchito yanuyi ilibe penshoni."

Anaseka pang'ono, kenako anagwiranso waya.

"Ndamva kuti lero mundisudzula. Ndilibe mawu, mwambo ndi mwambo. Kungoti ku Nambuma kulibe waya, bambo."

Kukhonde kunamveka mawu a azakhali. "Bright! Wapeza chiyani?"

Iye anayang'ana foni. Inali ikujambulabe mchenga ndi zala za kumapazi kwake. Anafufuta.

"Palibe wopita ku Nambuma, azakhali!"

"Wati chiyani? Nawenso akudyetsa?"

A Lidiya anali atayamba kubwerera, ndipo Bright anawatsatira pambuyo, naye dzanja pawaya. Paliponse pomwe mawaya awiri analumikizana panali pokulunga bwinobwino ndi nsanza, kuti nsonga zisabaye munthu. Pamfundo yachitatu anaima. Nsaluyo anaizindikira. Anali malaya oyera a kolala yolimba aja anawatumizira bambo ake kuchokera ku Joni kuti azioneka ngati bwana, atawang'amba timizeretimizere tofanana.